Safunsa anadya phula

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Munthu uja anam'patsa chisa cha njuchi, ndipo poopa kuoneka mbuli pamaso pa eni mudzi anangotafuna zonse n'kumeza, osadziwa kuti anzake amayamwa uchi n'kulavula zotsalazo. Mwambiwu timakonda kuponyera ana ndi alendo. Koma pali munthu wina amene umamukhudza kwambiri ngakhale sitimuganizira: uja amakhala patebulo ndi cholembera pamene anzake akukhetsa thukuta pabwalo, ntchito yake n'kulemba kuti zikuchitikazi dzina lake n'chiyani ndipo zili m'gulu liti. Ndi iye amalemba pulogalamu ya tsiku la mwambo, chikwangwani chokhoma pa mtengo wa magetsi, fomu ya mpikisano. Savina, saimba, koma ng'oma zikazizira chimatsala ndi chimene walembacho.

Ku Makata ntchito imeneyi imavuta kuposa kumudzi, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya malowo. Mafakitale atayamba kumera m'munsi mwa phiri la Ndirande, ya nsalu ya David Whitehead, ya mowa ya Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, ndi ena otsatira, anthu anakhamukira kuno kudzasaka maganyu ndi ntchito za mashifiti. Anabwera Alomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, Asena a ku Nsanje, Angoni a ku Ntcheu, Atonga ndi Atumbuka, n'kumanga mothithikana kuyambira ku Makata mpaka ku Goliyo, Chinseu ndi Malabada. Aliyense anadza ndi mphasa, poto, ndi gule wa kwawo m'miyendo. Kumudzi ng'oma ikalira usiku palibe amafunsa, aliyense amadziwa kuti uko n'chinamwali, uko ndi maliro. Kuno mwana wa Mlomwe amakula akumva manganje kuseri kwa bafa la aneba, Lamulungu ali mu kwaya, Lolemba akuloweza ndakatulo ya kusukulu. Akadzati apange chake, zonsezi zimatulukira pakhomo limodzi.

Pitani pa bwalo la sukulu madzulo ana ataweruka, mukapeze gulu la achinyamata likukonzekera mpikisano. Ng'oma ziwiri azitsamiritsa pa kamoto ka makatoni kuti chikopa chikungike. Woimba amazigogoda ndi chala, kuzibwezera pamoto, kugogodanso, mpaka zilire mmene akufunira. Nkhani yawo ndi ya kolera, amene anavuta mu Blantyre mu 2022 ndi 2023 mpaka sukulu kuchedwa kutsegulira. Amayamba ndi manganje, atsikana atamanga zitenje m'chiuno. Ng'oma ikaduka, mnyamata wina amatulukira pakati n'kuyamba kulakatula, kutchula mtsinje wa Nasolo ndi zonse zimene umanyamula. Kenako mayi ndi bambo a m'seweromo amakangana za ndalama ya madzi a pa kiyosiki, bambo akuti ya mowa yokha isakhudzidwe, oonerera nthiti zikuwawa n'kuseka. Mwana akamwalira, onse amayamba nyimbo ya maliro ya mawu anayi, ndipo amene amaseka aja amangoti kukamwa yasa.

Ndiye pabwere fomu. Ili ndi timabokosi tinayi: sewero, gule wa makolo, nyimbo, ndakatulo. Chongani kamodzi. Aphunzitsi agwira cholembera, ayang'ana ana, ayang'ana pepala. Akachonga sewero, oweruza adzati kuvina kwachuluka, nthawi ya nkhani yadyedwa ndi ng'oma. Akachonga gule, adzati mwalankhula kwambiri, ndiponso manganje enieni savalira jinzi.

"Aphunzitsi, bwanji tingochonga tiwiri?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Fomu yochonga pawiri amaiika pambali."

Mapeto ake ndakatulo ija aichotsa, nyimbo ya maliro aifupikitsa, kuti chotsalacho chikwane m'bokosi. Chinthu chinabadwa chathunthu pa fumbi la ku Makata chimakafika kwa oweruza chili chodulidwa, ndipo wochidula si mdani ayi, ndi mphunzitsi wochikonda.

Timabokosi sitili topanda ntchito. Woweruza sangaike ingoma ndi ndakatulo pa sikelo imodzi n'kunena kuti yalemera ndi iyi, ndipo munthu wolipira pakhomo ayenera kudziwiratu ngati akukaseka kapena akukalira. Nthawi zina bokosi lopapatiza limalera. Mpikisano wa ATEM, umene unayamba mu 1969, unkalandira masewero a Chingerezi okha a m'sukulu za sekondale, ndipo m'menemo ndi mmene munatuluka Du Chisiza Jr. Sewero lake The Deceased's Attack linapambana mu 1982 ali pa sukulu ya HHI, pafupi pomwepa, ndipo mu 1987 anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Koma mtengo wake tinalipira. Kwa zaka zambiri ophunzira ankayesa kuti zisudzo zenizeni n'za Chingerezi, za Chichewa n'zongoseketsa, pamene anthu a ku Ndirande ankaunjikana pa wailesi kumvera Kapalepale ndi Pamajiga, kumapeto kwa sabata n'kukadzaza French Cultural Centre kukaonera gulu la zisudzo la Kwathu. Izeki ndi Jakobo, amene ndi John Nyanga ndi Eric Mabedi, tinkawaika m'gulu la anthabwala. Dzinalo silinali labodza, koma linaphimba zambiri. Anthu awiri aja ankanena za umphawi, za chinyengo ndi za Edzi m'njira imene ngakhale wa mtima wouma ankamvera mpaka kumapeto, ndipo luso lotero si la munthu wongodziwa kupinda nkhope. Mawu akuti akatswiri a zisudzo ndinawamva mokweza kwambiri pa maliro awo, wina mu 2016, wina mu 2021.

Phula lochuluka linadyedwa pa gule wamkulu. Amishoni atafika m'dziko la Achewa anaona zilombo zikutuluka kudambwe, ndipo ambiri a iwo sanafunse, anangolemba kuti zachikunja, zolaula. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa amishoni a Katolika ndi eni mzinda unakula mpaka kukafika ku boma la atsamunda. M'nthawi ya Kamuzu gule yemweyo anapatsidwa dzina lina, gule wa makolo, n'kukwezedwa pa lole kupita ku Kamuzu Stadium kukavina pa 6 Julayi, pambali pa amayi a mbumba amene zitenje zawo za nkhope ya Ngwazi zinkadindidwa ku Makata komwe kuno. Mu 2005 bungwe la UNESCO linabwera ndi lachitatu, kumutcha chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, chosungidwa ndi Malawi, Zambia ndi Mozambique. Loyamba linali lotukwana, lachiwiri logwiritsa ntchito, lachitatu lolemekeza, koma onse atatu analembedwa ndi anthu a patebulo, ndipo onse amatenga zinthu mazanamazana n'kuziyesa chinthu chimodzi.

Wogula njira saona choncho. Kwa iye pali Chadzunda, nkhalamba ya ulemerero wa ufumu. Pali Kasiyamaliro, pali Maliya, pali Simoni wa nkhope yofiira, Makanja wa miyendo italiitali, Kapoli wa nthenga kumutu. Chilichonse chili ndi nyimbo yake, kalizidwe kake ka mbalule, ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Woimba ng'oma akasokoneza, chilombo chimangoima osavina mpaka akonze. Mukamufunsa munthu ameneyu kuti akuvinayo ndani, adzakuyang'anani kawiri, chifukwa chilombo chimachokera kudambwe, sichiyenda ndi chiphaso cha unzika. Choncho fomu imene ili ndi mzere wa maina a ovina yalakwa kale isanadzazidwe. Chochititsa chidwi n'chakuti munthu amene anafunsa mwakhama kwambiri anachokera ku mishoni yomwe ija inkalimbana ndi nyau. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anthu anam'patsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, n'kukhala zaka makumimakumi pansi pa mitengo ndi akuluakulu, kufunsa chilombo chimodzichimodzi dzina lake, nyimbo yake ndi tanthauzo lake. Mu nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, ku Kungoni komweko, muli zigoba zoposa 400, ndipo palibe chimene chinangolembedwa kuti gule basi.

Tchopa, amene UNESCO inamulemba mu 2014, Alomwe amavina pothokoza zokolola ndi popereka nsembe pakagwa chilala kapena mliri, ovina atabereka kumsana mitolo ya zikopa, zipangizo za kumunda ndi ziwiya zakale. Vimbuza kwa Mtumbuka wodwala ndi mankhwala, ndipo ng'oma imalira usiku wonse mpaka wodwalayo apepukidwe. Pa pulogalamu ya mwambo wa m'tauni zonsezi zimagona pa mzere umodzi wakuti zosangalatsa, pakati pa mawu a mlendo wolemekezeka ndi chakudya chamasana, mphindi zisanuzisanu, woyendetsa mwambo ali ndi diso pa wotchi.

Bokosi la makolo limanamanso pa nkhani ya zaka. Beni, malipenga ndi mganda timaziika m'menemo ngati zinayamba kalekale dziko likadali lanthete, chonsecho zinafala ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, anyamata atabwerako ku King's African Rifles ndi ku ntchito ya mtengatenga. Ankatengera perete wa asilikali. Makabudula oyera ositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, maudindo a usilikali m'gulu la ovina, malipenga opangidwa ndi zikho, zonsezo zinali zachilendo zenizeni pa nthawiyo. Makolo amene tikuwatchulawo anali achinyamata okonda zatsopano, ndipo akanakumana ndi woweruza wa masiku ano akanawadula mamalikisi chifukwa chovala zachizungu. Amene amakwiya ndi jinzi pa manganje akumbukire masokosi a mganda. Ndipo manganjewo, mukafuna kuwaona ali kwawo, dikirani tchuthi cha Ogasiti anyamata akamatuluka ku simba. Khamu limatseka msewu, madalaivala a minibasi akuliza mahutala, amayi akuthamanga ndi nthungululu, ndipo palibe amene amaganiza kuti akuonetsa chionetsero chofunika mutu.

Eni luso ali ndi magulu awo, kungoti safunsidwa. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a kwa Singano ku Chileka, akuimba m'misewu ya Blantyre. Wongodutsa akamva chitoliro chawo ankati zonsezo ndi kwela, n'kupitirira. Kubik anakhala nawo n'kufunsa, ndipo anapeza kuti iwo ankasiyanitsa bwinobwino sinjonjo, simanjemanje, double step ndi lumba. Kusiyanitsa kwawo sikunkatsata mtundu wa anthu kapena nkhani ya m'nyimbomo. Kunkatsata kagundidwe ka gitala ndi mmene phazi la wovina likupondera pansi, ndiye kuti magulu awo anali okhoza kuwagwiritsa ntchito: ukatchula dzina, woimba mnzako amadziwa pomwepo poyambira. Moya Aliya Malamusi wa kwa Singano komweko anatenga njira yomweyo, kuyenda m'midzi kujambula oimba bangwe, kaligo, nkangala ndi sansi, n'kulemba dzina limene mwini wake watchula, osati limene lili m'buku.

Mpanda umene ukuluma kwambiri lero ndi wa pakati pa nyimbo zauzimu ndi zachikunja. Woimba akangolembedwa mbali imodzi, zonse zatsatira: aimbe masana kapena usiku, ku holo kapena ku malo omwera, aitanidwe ndi mpingo kapena ndi kampani ya mowa. Evison Matafale nyimbo zake zinali zodzaza ndi Baibulo kuposa za oimba ena a masuti, koma poti anali Rasta woimba reggae, m'bokosi la zauzimu sanalowemo. Patience Namadingo anadziwika poyamba ndi zauzimu, ndipo atakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda mu 2020 n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale, panali anthu amene funso lawo loyamba linali lakuti kodi mnyamatayu wasiya kupemphera. Pa nkhani ya mitu Matafale anawazemba onse a patebulo. Chimbale choyamba anachitcha Kuimba 1, chachiwiri Kuimba 2. Atamwalira mu Novembala 2001, gulu lake la Black Missionaries linangopitiriza kuwerenga mpaka kudutsa khumi. Palibe pogwira. Wofuna kudziwa zili m'katimo amvere.

Anzawo a zisudzo analibe mwayi wotero, chifukwa lamulo la 1968 lounika zosangalatsa linkafuna kuti sewero lipite kaye ku bungwe lounika lisanaonetsedwe, ndipo choyamba kuwerengedwa chinali mutu. Olemba anaphunzira kupereka mutu wa nkhope ziwiri, ina yoyang'ana kwa wounika, ina kwa anthu. Du Chisiza ataonetsa Papa's Empire Kamuzu akadali pampando, woonerera aliyense ankadzifunsa kuti Papa ameneyu ndani, ndipo palibe ankayankha mokweza. Mantha aja anatha, koma luso lija likuoneka kuti linapita nawo limodzi. Masewero ambiri olipiridwa ndi mabungwe masiku ano mutu wake umakhala uthenga wonse wathunthu, wolamula kusamba m'manja kapena kugona m'masikito, moti woonerera amadziwa mapeto asanapeze pokhala. Ena amagwera mbali inayo, mutu wokuwa za chigololo ndi ufiti kuti anthu adzaze holo, ukalowa n'kupeza nkhani ina. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tikuferanji nalo linali sewero la uthenga, lophunzitsa za Edzi, koma mutu wake unali funso, ndipo funso limasiya malo oti womvera akhalemo. Linakhala zaka zambiri pa wailesi ndi pa kanema, ndipo Michael Usi, amene ankasewera Manganya m'menemo, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024.

Wolemba maina wamphamvu kwambiri ku Ndirande lero sakhala mu ofesi. Ndi mnyamata wa pa kabenchi kumsika, wa kompyuta yakale yofunditsidwa nsalu poopa fumbi, sipika ili panja ikukuwa, ntchito yake kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'ma memory card.

"Achimwene, mundiikireko zakale."

"Zakale zake ziti, madala? Za gitala kapena za kwaya?"

"Zakale basi. Zija tinkamvera pa wailesi."

Amatsegula foda yolembedwa Zakale, ndipo m'menemo Daniel Kachamba, Alan Namoko, Robert Fumulani ndi Stonard Lungu agona mphasa imodzi, ngakhale kuti banjo ya Namoko ndi gitala ya Kachamba n'zosiyana kutalitali. Pambali pake pali Gospel, Local, Manganje, Madrama. Nyimbo zina zangolembedwa Track 7, zina zavala dzina la woimba wina, ndipo cholakwikacho chikakopedwa m'mafoni chikwi chimasanduka choona. Mnyamatayu sindimunyoza. Mwa onse a patebulo ndi yekhayo amene amafunsa tsiku ndi tsiku, ndipo mafoda ake amatsata mmene anthu amalankhuliradi, osati mmene fomu imafunira. Vuto n'lakuti amafunsa wogula yekha. Wopeka sadutsa pa benchi yake.

Apa dzina limasanduka ndalama. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, limagawa ndalama za oimba potsata dzina lolembedwa, ndipo Track 7 alibe thumba loti alandirire. Komanso lamulo la umwini wa zaluso, la 1989 ndi limene linalowa m'malo mwake mu 2016, limati zaluso za makolo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Cholinga chake n'chabwino, kuti mlendo asadzatole nyimbo za m'midzi n'kukazigulitsa ngati zake. Koma ndiye kuti mawu akuti "ya makolo" ali ndi mano. Ukawalemba pa nyimbo, wanena kuti ilibe munthu mmodzi amene angaimirire n'kuti ndi yanga.

Chonsecho nyimbo za chimtali, za pamtondo ndi za pa chinkhoswe sizigwa ndi mvula. Pamakhala munthu amene anaiyamba. Taganizani mayi wa ku Makata, wogulitsa tomato, amene wapeka nyimbo yonyogodola bambo wa kunyumba kwake wokonda kubwera usiku, n'kuiponya pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake. Amayi anzake aivomera, aikonda, apita nayo. Mwezi wotsatira ikumveka pa zinkhoswe za ku Bangwe, kenako ku Zingwangwa, ku Chilomoni, ku Machinjiri, paliponse akuonjezerapo kamzere kawo. Mnyamata wa studio amaimva, amaiikira biti ya manganje, n'kulemba pa fomu kuti ya makolo, yokonzedwanso ndi iye. Sanabe mwadala, anaipeza ikungoyenda yokha ndipo anayesa kuti ndi yakale. Gawo la wokonza lipita kwa iye, dzina lake lituluka pa wailesi, ndipo mayi uja aimvera m'minibasi popita kukaoda ku Limbe. Fomuyo inali ndi mzere wa dzina la wopeka, ndipo amayi atatu kapena anayi a pa zinkhoswe akanatha kumulondolera mnyamatayo mpaka pakhomo. Kuchoka ku studio kufika ku Makata ndi minibasi imodzi.